Kumpoto kwa Upernavik

Lero ndi lachinayi chichokereni ku Upernavik,
ngati masiku akuwerengekabe
poti dzuwa lakana kulowa.
Limangozungulira ngati galu womangidwa pachikhomo,
kutsika pang'ono, kununkhiza nyanja, n'kukweranso.

Tilimo atatu m'kaboti aka:
amalume a Ujarak pachiwongolero,
Qillaq amene sayankhula asanamwe khofi,
ndi ine, m'majombo a malemu bambo.
Ndavala masokosi atatu
koma mapazi akusambirabe.

Pogona ndi thabwa limodzi, timalandirana.
Ukafulumira umapeza kutentha kwa mnzako kusanathawe,
fungo la dizilo, la mamba, la ubweya wonyowa.
Pansi pa khutu, kuseri kwa khoma lopyapyala ngati chikhatho,
madzi oundana amakanda boti, kwee, kwee,
ngati mlendo wofuna kulowa
koma wamanyazi kugogoda.

Ntchito yathu ndi chingwe.
Mbedza mazana asanu, nyambo youma gwa,
zala zoiwala mwini wake.
Ukadzibaya umadziwira magazi pagolovesi.
Nsomba zimachokera kozama kwakuda bii,
zaphanthiphanthi, maso onse awiri tsaya limodzi
ngati zinatopa n'kucheuka.

Madzi akumwa timachita kusema.
Qillaq amasankha chibenthu cha ayezi wakalekale,
amachiponya m'ketulo, chimathetheka:
mpweya umene unatsekeredwa
agogo a agogo athu asanabadwe
ukutulukira m'khofi wathu.

Dzulo, kaya linali dzana, mphepo itakalipa
tinabisala kuseri kwa phiri loyandama,
loyera mbee, lalitali kuposa tchalitchi cha kwathu.
Kunali bata.
Ndinavula magolovesi, manja pachivundikiro cha injini,
ndikumva zala zikubwerera chimodzichimodzi, zikulira.

Amalume anasiya kutafuna.
Anapendeketsa mutu.
"Dula chingwe."
Mbedza mazana asanu, ndalama ya mwezi wathunthu,
ngongole ya dizilo ikutidikira kudoko.
"Ndati dula."

Mpeni unadutsa kamodzi.
Injini inatsokomola kawiri isanavomere.

Tisanafike patali phiri lija linabuula,
linapendekeka pang'onopang'ono
ngati nkhalamba yotembenuka pakama,
n'kutionetsa mimba yake yobiriwira, yosalala,
imene dzuwa silinaionepo.
Funde linatinyamula, kutikweza, n'kutibweza,
ketulo gubudu, makapu mbwee.
Pamene tinaima paja panatsala thovu lokha.

Palibe anatsegula pakamwa.
Qillaq anatola ketulo,
kuiyang'anitsitsa pamene yatifuka,
n'kuyamba kuseka, kuseka kosaleka,
mpaka misozi kuundana m'ndevu.

Pambuyo pake ndinafunsa: munamva chiyani, amalume?
"Mbalame zinachokapo."
Ine sindinaone n'komwe kuti panali mbalame.

Madzulo, ngati awa ndi madzulo,
wailesi inakhosomola dzina langa.
Mayi, a Paninnguaq, akufunsa ngati ndikuvala chipewa,
ngati ndikudya, ngati nsomba zikugwidwa.
Kumbuyo kwa mawu awo agalu athu akulirira chakudya,
ndikumudziwa wakhutu long'ambika uja, amayamba ndi iye.
Ndinati zonse zili bwino.
Amalume anandiyang'ana, osaphethira,
kenaka anabweza maso kunyanja.
Bambo nawonso ankayankha choncho.

Tsopano nkhungu yatsika, yameza mapiri ndi zilumba.
Ndi nthawi yanga kuima kutsogolo
ndi ndodo yansonga yachitsulo,
kukankha zibenthu zotchinga njira.
Zina zimamvera, zimapatuka mwaulemu,
zina zimandikankha ine.
Chakumanzere nangumi wapuma, phuu,
sitinamuone, tangomva fungo la mpweya wake.

Qillaq wagona, dzanja lili pansi, likugwedezeka ndi funde.
Ketulo yotifuka ikuwirabe ngati kale.
Mphuno yanga yachita dzanzi,
majombo a bambo adzadza kuzizira,
koma maso ndawatong'ola:
pachibenthu icho pali zisanu,
pa icho ziwiri,
imodzi yangouluka kumene.
Ndikuwerenga mbalame.